Kumangira anzathu ovutika nyumba kuno ku Angónia ndi Tsangano: mafunso omwe mumatifunsa kawirikawiri

Mafunso awa ndi omwe amangobwerabwera pa WhatsApp, kutchalitchi, ngakhale mu shapa, minibasi ija, munthu akangodziwa kuti uli m'gulu la omanga aja. Tawasonkhanitsa pano kuti tisamayankhe zomwezomwezo sabata iliyonse. Yankho likakutumizani ku funso lina pitani mukawerenge komweko.

Kodi kwenikweni mumachita chiyani?

Timamangira nyumba mabanja omwe paokha sangathe, makamaka agogo olera zidzukulu, amayi amasiye, olumala ndi ana omwe akulerana okhaokha. Ndife anthu wamba, alimi a fodya ndi mbatatesi, aphunzitsi, amisiri angapo, achinyamata a kwaya. Palibe amalandira malipiro.

Akuluakulu akamatiwona amati iyi ndi dima basi, ndipo sanama. Kale munthu ankaphika thobwa kapena mowa nkuitana mudzi kudzamulimira kapena kudzafolera denga. Kusiyana kwake nkwakuti amene tikumumangirayo alibe ngakhale chimera chophikira thobwalo, ndiye chakudya timabwera nacho tokha.

Ndinu a boma, a chipani kapena a mpingo?

Ayi konse. M'gulu muli Akatolika, a Reformada, a Adventista, Asilamu ndi ena osapemphera. Za chipani ndiye sitifuna nkomwe, T-sheti kapena nsalu ya chipani isiyeni kunyumba tsiku lantchito, tikukupemphani. Boma timagwira nalo ntchito pomwe pakufunikira: a nyakwawa ndi asekeretariyo a dera timawadziwitsa tisanakumbe ngakhale khasu limodzi, ndipo za malo timapita ku ofesi ya zomangamanga ya disitirito, ija amati SDPI.

Ena amafunsa ngati ndife a Habitat for Humanity. Sindife. Bungwe limenelo linayamba mu 1976 ku Georgia, ku America, ndipo linatchuka kwambiri pomwe Jimmy Carter atachoka pa upulezidenti anayamba kumakhoma nawo misomali mu 1984. Chomwe timagwirizana nawo ndi mfundo yoti mwini nyumba nayenso akhetse thukuta pa nyumba yakeyo. Zinazo ndi zathu zakuno.

Mumasankha bwanji banja loti mulimangire?

Apa ndi pomwe pamavuta kuposa kuumba njerwa, ndipo ndewu zambiri zimayambira apa.

Sitisankha ife tokha. Mudzi umakumana pabwalo, amayi ndi abambo omwe, a nyakwawa alipo, nkutchula maina poyera aliyense akumva. Timakana ndandanda yomwe yalembedwa m'nyumba mwa munthu mmodzi usiku nkudzatipatsa m'mawa, chifukwa yotero umapezamo mlamu wa amfumu ndi apongozi a mlembi pomwe agogo omwe denga lawo linagwa chaka chatha mulibe. Maina akatchulidwa, anthu athu amapita kukawona okha ndipo samauza tsiku. Amalowa m'nyumbamo, kuyang'ana kumwamba ngati kukuwoneka dzuwa, kugwira khoma ngati lanyowa mmunsi, kufunsa kuti mvula ikamagwa usiku mumagona pati. Pali agogo ena amangokuwonetsani ngodya imodzi pomwe amaunjika mphasa, ufa ndi ana omwe, ndiye iwo nkukhala tsonga mpaka kuche atafunda thumba la feteleza. Ukawona zimenezo sufunanso fomu.

Timafunsanso za abale. Ngati mayiyo ali ndi ana atatu amuna amphamvu, wina ali ndi njinga yamoto yakabaza, timayamba tayankhula ndi anawo kaye, mwina chofunika ndi kuwachititsa manyazi pang'ono osati kuwalanda udindo. Kulandira kandalama ka okalamba ka boma ka ku INAS sikuchotsa munthu pa ndandanda, kandalama kameneko sikagula ngakhale malata a chipinda chimodzi.

Ndingalembetse ndekha kapena kulembetsa amayi anga?

Mukhoza kutiuza, palibe choletsa, koma dzinalo lidzadutsabe pabwalo monga tafotokozera pamwambapa. Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kapena nkhuku kuti dzina lilowe, ameneyo ndi wakuba, si wathu.

Banjalo limalipira kanthu?

Ndalama ayi. Koma pali zomwe timayembekezera: kutunga madzi, kututa mchenga ndi miyala, kuponda dothi, kuyang'anira katundu usiku kuti simenti isayende. Ngati ndi agogo osatha kunyamula ndowa, mbumba yawo ndi oyandikana nawo ndiwo amalowa mmalo. Agogowo ngakhale atangokhala pamthunzi nkumasenda nyemba zandiwo, kwa ife agwira ntchito.

Chifukwa chake nchakuti nyumba yomwe munthu wangoipeza itatha samaitenga ngati yake. Lata likazuka amadikira "eni ake" abwere adzakhome.

Nanga malo? Bwanji mumafunsa kwambiri za malo musanayambe?

Chifukwa nyumba yamalata imadzutsa abale omwe anali chigonere. Khumbi laudzu lodontha palibe amalilimbirana, koma pakangowala malata mumva kuti malowa anali a malume athu.

Ku Mozambique kuno malo onse ndi a Boma, sagulitsidwa, munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndiye DUAT ija. Lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti amene akukhala pamalo motsata mwambo wamakolo, kapena wakhalapo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10, ali nawo ufuluwo ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi umagwira ntchito. Limanenanso kuti mkazi ndi mwamuna ndi chimodzimodzi pa ufulu umenewu. Vuto ndi lakuti lamulo lili ku ofesi pomwe mayi wamasiye ali kumudzi ndi alamu ake.

Ndiye ife timachita chonchi. Kumidzi ya chikamwini, komwe mwamuna ndiye anabwera kwa mkazi, timaitana mwinimbumba kuti anene pagulu kuti malowa ndi a mayiyu ndi ana ake. Komwe mkazi ndiye anatengedwa kupita kwa mwamuna, zomwe nzofala kwa Angoni ambiri, timakhala pansi ndi akuchimuna, ndipo apa sitithamanga, ngakhale zitenge miyezi. Zomwe agwirizana zimalembedwa, a nyakwawa asayine, mboni zisayine kapena kudinda chala, pepala lina likhale ndi mwini nyumba lina ndi ife. Akakana kusayina sitimanga pamenepo. Zimawawa kumusiya munthu akuvutika, koma kumangira alamu ake nyumba yoti amuthamangitsiremo nkoipa kuposa.

Timakananso kumanga m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje ngakhale malowo akhale ake ndithu. Amene anawona zomwe Revúbuè inachita mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana, mpaka kudula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, kapena madzi a Freddy ku Mutarara mu Marichi 2023, safunsa chifukwa chake. Zikatero timapempha amfumu malo ena okwera.

Nyumba yake imakhala yotani? Ndi yayikulu?

Ndi yaing'ono: zipinda ziwiri ndi pabalaza, khonde kutsogolo, chitseko chokhala ndi loko, mawindo oti nkutseka, pansi posalala. Ngati pali ana aakulu aamuna ndi aakazi timayesetsa kuti asagone chipinda chimodzi. Khitchini imakhala panja, ya zidina ndi udzu, imeneyo banja limamanga lokha ife timangothandiza mitengo.

Kumadera otentha ngati Moatize kapena Changara, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, khoma liyenera kukwera ndithu ndipo pasiyidwe mipata ya mpweya pamwamba, apo ayi munthu sangalowe m'nyumba masana. Kuno kumtunda vuto lathu ndi lina, chisanu cha Juni ndi Julayi, ndiye timatseka bwino mpata wa pakati pa khoma ndi denga, zomwe zimachepetsanso udzudzu.

Mumagwiritsa zidina, njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti?

Zimatengera dothi lapamalopo ndi thumba lathu. Anthu amanyoza zidina koma chidina choumbidwa bwino, chouma bwino, chokhala pa maziko amiyala ndipo denga lake latuluka kunja mokwanira chimakhala zaka zambirimbiri. Chimene chimagwetsa nyumba ya zidina si chidinacho ayi, ndi madzi omwe amalowa mmunsi ndi omwe amamenya khoma kuchokera kudenga lalifupi.

Njerwa zootcha nzolimba, aliyense amazifuna, koma uvuni umodzi umadya mitengo yochuluka zedi, ndipo mukayang'ana mapiri athu mmene ayerera mudziwa komwe mitengoyo inapita. Anzathu a ku Malawi mu 2018 anafika poletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu chifukwa chomwechi. Ife tikaotcha timagwiritsa bulugamu wodzala ndipo timaotcha zochepa, za maziko ndi mizere ya mmunsi, pamwamba nkupitiriza ndi zidina. Mabuloko a simenti, aja a masentimita 15 kapena 20, ndi abwino mtauni koma kumudzi transipoti yake yokha imatha ndalama ya denga.

Pomwe sitinyengerera ndi pa maziko. Timakumba mpaka tipeze dothi lolimba, timayala miyala, ndipo pamwamba pa maziko timayala pepala lakuda lapulasitiki tisanayambe khoma kuti chinyezi chisakwere. Anthu a ku Moatize akukumbukira za ku Cateme, komwe mabanja anasamutsidwira chifukwa cha mgodi wa malasha cha m'ma 2009 ndi 2010, nyumba zatsopano zopaka utoto bwinobwino koma makoma anayamba kung'aluka pasanapite nthawi, mpaka mu Januwale 2012 anthu anatseka njanji pokwiya ndi zimenezi ndi madandaulo ena. Ngati nyumba zomangidwa ndi ndalama zambiri chonchija zinang'aluka, ife a ndalama zopemphetsa sitingasewere ndi pansi.

Bwanji osangogulira anthu malata basi? Si zachangu?

Funso ili limachokera kwambiri kwa abale omwe ali kunja. Malata pa khoma lofooka ndi ngozi. Denga laudzu ndi lolemera ndipo mphepo imadutsamo, koma lamalata ndi lopepuka, mphepo ya mvula yoyamba ikalowa pansi pake imalinyamula lonse ngati chipewa nkukaliponya m'munda mwa eni ake, nthawi zina limodzi ndi mizere iwiri ya njerwa. Miyala ndi matayala omwe mumawona pamwamba pa madenga ambiri ndi umboni woti dengalo silinamangidwe kukhoma.

Ife timakwirira waya wokhuthala m'khoma, mizere ingapo kutsika kuchokera pamwamba, nkudzamangira mabaroti, matabwa a denga aja, ku wayayo, aliyense payekha. Misomali imakhomedwa pamsana pa lata osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo m'mphepete ndi pamakona timakhoma pafupipafupi chifukwa mphepo imayambira kumeneko kuzula. Matabwa onse timayamba tapaka mankhwala a chiswe kapena oyilo wakutha wa galimoto. Malata opyapyala kwambiri aja otchipa, oti ukawagwira amapindika m'manja, sitigula ngakhale wogulitsa atachotsera mtengo.

Ndiye ngati khoma la achibale anu lili bwino ndipo vuto ndi denga lokha, tiuzeni, mmisiri wathu akawone kaye. Nthawi zina timachitadi denga lokha.

Mumamanga miyezi iti?

Chilimwe. Kuumba kumayamba anthu akatha kukolola, cha mu Meyi ndi Juni, kumanga Julayi mpaka Okutobala, ndipo denga liyenera kukhala litakwera mvula yoyamba isanagwe mu Novembala. Nthawi yadzinja sitiitana anthu chifukwa aliyense ali kumunda, zidina siziuma, ndipo misewu ya kumidzi ya ku Tsangano galimoto ya simenti singadutse. Miyezi imeneyo ndi yokambirana za malo ndi kusonkha ndalama.

Sindinagwirepo supuni ya mmisiri, ndingathandize chiyani?

Zambiri. Pa nyumba imodzi amisiri enieni amafunika awiri kapena atatu basi, ena tonsefe ndi otumikira: kukanda matope, kupatsira njerwa, kukankha wilibala, kusefa mchenga, kutunga madzi, kuphika. Madzi ndiye amadya anthu ambiri kuposa china chilichonse, makamaka mu Seputembala zitsime zikayamba kuphwa.

Pali ntchito ina yomwe anthu saiwerengera, kuthirira. Simenti ikaikidwa pansi kapena pa lintala imafuna kunyowetsedwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ikauma msanga imafumbutuka. Tsiku lokweza denga anthu amadzadza, koma wobwera Lachiwiri m'mawa ndi ndowa kudzathirira pansi amasowa. Ngati mumakhala pafupi, tengani ntchito imeneyo.

Amayi amene akufuna kuphunzira kuyala njerwa, bwerani, amisiri athu tinawauza kale kuti asamakutumeni kumadzi kokhakokha.

Tsiku lantchito ndibwere ndi chiyani, ndipo limayenda bwanji?

Bwerani ndi khasu kapena fosholo ngati muli nayo, ndowa, nsapato zotseka, chipewa, mbale ndi kapu yanu, ndi kaufa pang'ono kapena nyemba zoponya mumphika wa onse. Lembani chizindikiro pa chida chanu chifukwa makasu amafanana madzulo.

Timayamba dzuwa lisanakwere. Choyamba ndi kukapereka moni kwa eni khomo, mwaulemu wake, "Mwadzuka bwanji agogo, tabwera kudzagwira kantchito kaja", osangofika nkuyamba kugwetsa zinthu ngati pakhomo palibe munthu. Kenako mmisiri wamkulu amagawa anthu, ndipo pa khoma mawu ake ndi omaliza ngakhale inu mukhale adirekitala a sukulu. Nsima timadya pamodzi ndi banjalo masana. Mowa ayi mpaka zida zitasungidwa, munthu woledzera pa sikafodi tinakana. Amene akukanda simenti avale magolovesi kapena majumbo m'manja, imawotcha khungu.

Pali kangachepe kwa ogwira ntchito? Nanga ana angabwere?

Palibe, si ganyu. Mmisiri yekha amene wasiya ntchito yake yolipidwa kwa masabata ndi amene timamuthokoza ndi kena kake, ndipo zimenezo zimalembedwa m'buku poyera. Ana a sukulu abwere Loweruka ndi makolo awo, atha kupatsira njerwa ndi kutunga madzi, koma pa denga ndi m'dzenje la chimbudzi safikapo.

Ndili ku Joni, ku Beira kapena ku Lilongwe, sindingabwere. Ndithandize bwanji?

Zomwe mudzi sungapange ndi manja ndi zomwe zimafuna ndalama: malata, misomali, waya, simenti, zitseko, maloko ndi transipoti. Mukhoza kutumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, koma tumizani ku nambala yomwe yalengezedwa pamsonkhano wa gulu yokha, osati kwa munthu amene wakuimbirani kuti ndine wa gulu lija. Ndalama zimatulutsidwa anthu atatu atavomereza ndipo malisiti amawerengedwa pamsonkhano. Mitengo sitilemba pano chifukwa thumba la simenti la makilo 50 mtengo wake wa ku Ulongué ndi wa ku Tete ndi wosiyana, ndipo umasintha tisanamalize nkomwe kuumba.

Amene muli mbali ya Malawi, ku Dedza kapena ku Ntcheu, ambirinu ndi abale athu enieni ndipo mumabwera kale kumaliro ndi kumaukwati. Kudzagwira nawo ntchito bwerani, koma katundu wambiri ngati malata musadutse naye njira zachidule, adzalandidwa. Ndi bwino kutumiza ndalama tigule konkuno.

Zovala zakale ndi nsapato zikomo, koma sitimanga nazo nyumba, perekani kumpingo kwanu.

Bwanji mumakakamira chimbudzi? Ife tapempha nyumba.

Sitipereka makiyi chimbudzi chisanathe. Kolera ya 2023 inafika ndithu m'chigawo chathu cha Tete, ndiye za kuthengo zija tiyeni tisiye. Dzenje likumbidwe kumunsi kwa chitsime osati kumtunda, patali mamita osachepera 30, ndipo pamwamba timaika silabu ya simenti yokhala ndi chivindikiro. Silabu yozungulira yotukuka pakati ija, yosafuna zitsulo mkati, inayambira konkuno ku Mozambique, ku Maputo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu a mayiko ena anadzatengera kwa ife. Kwa agogo ndi olumala timaika chogwirira ndi pokhalira, ndipo njira yake ikhale yosalala yoti ayende usiku.

Ndingajambule zithunzi nkuika pa Facebook?

Jambulani khoma, denga, anzanu ali matope okhaokha. Koma mwini nyumba mufunseni kaye, ndipo akati ayi ndi ayi. Chomwe timadana nacho ndi kumuimika gogo kutsogolo kwa khumbi lake lakugwa, dala atavala sanza, kuti anthu amve chisoni. Ali ndi zidzukulu zomwe zili pa Facebook pomwepo ndipo mawa zikupita kusukulu. Za matenda a munthu musalembe, dzina la mwana wamasiye musalembe.

Simuopa nsanje? Anthu ena amati agogo omangiridwa nyumba amanenedwa ufiti.

Zimachitika, sitingabise. Munthu wokalamba wokhala yekha amanenedwa kale zambiri, ndiye akapezeka ali m'nyumba yabwino kuposa ya oyandikana nawo pakamwa pa anthu pamatuluka zina. Nchifukwa chake kusankha kumachitikira pabwalo, komanso nchifukwa chake nyumbayo sitiikongoletsa mopitirira nyumba zina za m'mudzimo. Munthu amene anaponda nawo dothi la nyumbayo ndi mapazi ake savutika kumvetsa komwe yachokera. Mudzi ukakana kugwira nawo ntchito nkumati mangani nokha a bungwe inu, timaima kaye, chifukwa pamenepo tikudziwa kuti tikachoka agogowo atsala pamoto.

Nyumba ikawonongeka, kapena mwini wake akamwalira, zimatha bwanji?

Chaka choyamba timabwerera mvula ikatha kudzawona ming'alu, podontha ndi chiswe, ndipo chomwe chalakwika pa mamangidwe timakonza ife. Kuchokera apo nyumba ndi ya eni ake: kuzira, kulambula ngalande yozungulira nyumba kuti madzi asaime pamaziko, kuchotsa njira za chiswe zikangowoneka pakhoma. Namondwe akawononga midzi yambiri nthawi imodzi, imeneyo ndi nkhani ya INGD, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi makomiti ake a m'midzi, kalembetseni kumeneko, ife mphamvu yathu ndi ya nyumba imodziimodzi.

Mwini akamwalira nyumba sibwerera kwa ife. Imatsala ndi amene analembedwa papepala lija tanena pa funso la malo, kawirikawiri ana kapena zidzukulu zomwe zimakhala momwemo. Wachibale wofuna kuzula malata maliro atangotha amapeza kuti a nyakwawa ali nalo pepalalo.

Kwathu ku Macanga kapena ku Chifunde kulibe gulu lotere. Tiyambe bwanji?

Musayambe ndi dzina la gulu, ma T-sheti ndi chidindo. Pezani mmisiri mmodzi wodziwa ntchito amene wavomera, anthu khumi oti adzabweradi, kenako pitani kwa a nyakwawa. Sankhani nyumba imodzi yokha chaka choyamba, ndipo musagwetse yakale yatsopano isanathe, banjalo lizigona momwemo mpaka tsiku losamuka. Ndalama ya malata ikhale m'manja musanayambe khoma, chifukwa khoma la zidina lopanda denga likakumana ndi mvula ya Disembala limabwerera kukhala dothi. Zikombole ndi levulo tikhoza kukubwerekani, ndipo mmisiri wathu mmodzi atha kubwera kudzakhala nanu masiku oyika maziko ndi okweza denga ngati mwamupezera pogona ndi ya shapa.